Makina a Kampira a Malemu Moffat

Pa Chonde, ukafuna kudziwa mtengo wa chinthu chakale, anthu amakulozera kwa a Fanuel. Amakhala pakhonde la sitolo, moyang'anizana ndi pomwe ine ndimayala kaunjika, atazunguliridwa ndi mawayilesi osalankhula. Ntchito yawo ndi kukonza, koma chomwe anatchuka nacho ndi kunyoza. Ubwere ndi wayilesi yoti wagula dzulo, iwo aitembenuza, aigogoda, ainunkhiza, kenako n'kukuuza kuti inatha kalekale. Ine amandikwiyitsa nako kunyozako, koma sanama kawirikawiri. Pa zaka zonse zomwe ndakhala nawo, chinthu cha munthu anachitamapo kamodzi kokha, ndipo kamodzi komweko ndi komwe kanawameretsa imvi.

Anabadwira m'nyumba za kampani ku esiteti ya tiyi. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Muloza, ndipo mpaka lero akapsa mtima amatukwana m'Chilomwe. Sukulu sanapite nayo patali, koma manja awo anali anzeru, choncho analowa ntchito yothandiza amisiri a magetsi kufakitale. Masiku ena ankawatuma kukalabu ya mabwana kukasintha mababu. Kumeneko anapezako mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo, a Moffat, omwe ankagulitsa mowa pa bala. Anapezakonso makina a kampira.

Amene simunawaonepo makinawa, ndi chibokosi chachitali choima pamiyendo inayi, pamwamba pake pali galasi. Ukaponya ndalama yachitsulo n'kukoka kachitsulo ka sipuling'i, kampira kachitsulo kamathamanga mkatimo kakugunda timabelu, magetsi n'kumaphethira, iwe n'kumakamenya ndi timapiko tiwiri kuti kasagwere m'dzenje. Mabwanawo ankati pinibolo. A Fanuel ankatha kuima pamakwerero babu ili m'manja, kukamwa kuli yasa, mpaka a Moffat kuwakumbutsa chomwe abwerera.

Matipate atangoyamba, kalabu ija inatsekedwa ndipo antchito ambiri anawachotsa. A Fanuel anadzakhazikika pa Chonde pano. A Moffat mabwana anawapatsa makina aja ngati mphatso yotsanzikira, makinawo atafa kale. Anawakweza pa ngolo ulendo ku Thuchila, komwe anali pachikamwini kwa akazi awo, a Lettie. Ankalonjeza kuti adzawakonzetsa n'kutsegula bala yawoyawo, koma kumudziko kunalibe ndi magetsi omwe. Chibokosicho chinangokhala pabalaza, a Lettie n'kumayalapo nsalu podula. Iwo ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu pa makina osokera omwe amuna awo anawagulira, ndipo kunena zoona, banjalo linkadya singano imeneyo.

A Moffat anamwalira mu 2004. Atameta maliro, abale awo anabwera kudzagawa katundu, motsogozedwa ndi achimwene awo aakulu, a Lyson. Nyumba sanaikhudze poti inali pamalo a kuchikazi. Chogawa chinali njinga, wayilesi, makina osokera ndi makina a kampira aja. Akuchikazi anati makina osokera ndi a Lettie, akuchimuna anati anagula ndi malemu. Kuti pasakhale ndewu, mbali zonse zinagwirizana kuitana a Fanuel kuti anene mtengo wa chilichonse, poti anali mnzawo wa malemu komanso munthu wosakondera.

Anayamba monga mwa nthawi zonse. Njinga anati yatha, wayilesi anati ikudikira manda. Makina osokera anawapalasa pang'ono n'kunena kuti lamba wafooka, singano ikudumpha, mtengo wake sungapitirire wa njinga ija. Kenako anavundukula nsalu yomwe inali pa makina a kampira, ndipo munthu uja anasinthiratu. Anagwada, anatsegula kumbuyo, analowetsa mutu. Zomwe anaona anadzandiuza okha. Mawaya makoswe anadya, makoyilo awiri a waya anapsa, mphira zonse zinauma, kampira kanasowa, ndipo kabowo koponyapo ndalama kanali ka makobidi akale omwe sagulanso kanthu. Anaona zonsezo ndi maso awo. Koma anakumbukira kukalabu kuja, ndipo sanafune kuti anthu azinena kuti Moffat anagwira ntchito moyo wake wonse n'kutulukako ndi chinyalala.

Anadzuka, n'kupukuta galasi ndi mkono wa malaya. "Awa ndi makina akunja," anatero. "Atakonzedwa, mtengo wake ungagule njinga, wayilesi ndi makina osokerawa, chenji n'kutsala."

A Lyson si munthu woti ungamupatse mpata wotere. Anatsokomola, n'kunena mofatsa ngati mkulu wa mpingo: "Mwamva nonse. Ife sitingalande wamasiye chuma chachikulu. Alamu atenge chimenechi alelere ana, ife tingotenga tating'onoting'onoti."

Anthu anaomba m'manja, ena mpaka kuyamikira kuti mtundu wa a Moffat ndi wachilungamo. Makina osokera anawamangirira pa njinga, wayilesi pamwamba, n'kumapita. A Fanuel amati anazindikira zomwe achita njinga isanakhote n'komwe. Akanatha kuitana anthu n'kubweza mawu awo, koma mmisiri wotchuka anganene bwanji kuti wanama pamaso pa mudzi wonse? Anachita manyazi, anawasiya apite, ndipo madzi akatayika saoleka.

A Lettie anayamba kulawirira ku esiteti kukathyola tiyi, dengu kumsana, munthu woti manja ake anazolowera sizasi. Tiyi akachepa ankagwira ganyu m'minda ya anthu. Mwana wawo wamkulu, Rosie, anasiya sukulu kuti azilera ang'ono ake. Nkhani zimenezi zinkawapeza a Fanuel pakhonde pompa, ndipo tsiku lotere sankadya.

Anaganiza kuti njira ndi imodzi yokha, yoti mawu awo aja asanduke oona. Akakonza makinawo n'kuwagulitsa, a Lettie agula makina ena osokera. Makina a kampira aja anakawatenga pa ngolo kubwera nawo pa Chonde pomwe pali magetsi. Kuyambira pamenepo mawayilesi a anthu anayamba kugonera miyezi. Makoyilo anakulunga okha ndi waya wa m'mafani akufa. Mphira anadula ku chubu cha njinga. Kampira anakapeza kwa amakanika a malole. Anafika ku Limbe, anaoloka mpaka ku Milange atamva kuti kuli mkulu wina yemwe ankakonza zoterezi nthawi ya Apwitikizi, n'kukapeza kuti anamwalira. Akazi awo a Fanuel anafika podandaula kwa ine kuti m'nyumba mwalowa mkazi wachiwiri wa miyendo inayi. Ine ndinkawaseka, koma mumtima ndinkawamvera chisoni, chifukwa munthu ankaonda tikuona.

Patapita zaka, tsiku lina masana makina aja anayaka. Timabelu tinalira, msika wonse unakhamukira pakhondepo. A Fanuel sanasekerere n'komwe, anangotuma uthenga kwa eni mabala kuti abwere adzaone. Anabweradi. Wina anati masiku ano anthu akufuna tebulo la pulu ndi mpira wa pa kanema, zachikalezi ayi. Wina anafunsa kuti chikafanso akonza ndani. Wachitatu, yemwe anali ndi chifundo, anati angagule galasi lokhalo kuti akaike pa zenera. Mtengo womwe anatchula sukanagula ngakhale mwendo wa makina osokera.

Apo m'pamene a Fanuel anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Thuchila, ati okha sakanatha. Tinawapeza a Lettie atakhala pamkeka akusoka chigamba pa siketi ndi singano ya pamanja, zala zitachita kuda ndi tiyi. Atatilonjera, a Fanuel anavula chipewa. Anafotokoza zonse, za makoyilo, za eni mabala, mpaka anafika pomwe pankawawa. Anati makinawo alibe mtengo, analibe mtengo ngakhale tsiku lija, ndipo iwo ankadziwa. Anati anawadyetsa njala amake Rosie ndi pakamwa pawo, ndipo akupepesa. Ine ndinangoyang'ana pansi.

A Lettie anamaliza kaye mzere womwe ankasoka, n'kudula ulusi ndi mano. Sanakweze mawu.

"Ndinkadziwa, alamu. Chibokosicho ndinakhala nacho m'nyumba, kwa ine linali tebulo basi. Koma wamasiye salankhula pogawa katundu. Ndiye ndinangokhala pamkeka pano kukuyang'anani, kuti mwina mucheuka mundione." Anapinda siketi ija. "Inu mutu unali m'bokosi."

 A Lettie anadzuka, anatipatsa madzi akumwa, n'kupepesa kuti sacheza nafe nthawi yaitali, poti anali asanamalize ndime ya ganyu kumunda kwa eni ake.