Lobeliya Kuseri kwa Bafa

Zaka zimene akazi tinangololedwa kuvala mathalauza, tinkachita lendi ku Kawale, moyandikana ndi mayi wina wa ku Rumphi. Mwamuna wake ankasamala maluwa kwa mzungu ku Area 10. Nyengo yozizira ikafika, khonde la mayiyo linkadzaza timaluwa ta buluu todzala m'zitini za mkaka, ndipo odutsa ankaima n'kufunsa dzina lake. "Lobeliya," ankayankha choncho, ngati anachita kulenga yekha timaluwato. Pakhonde panga panali mphika wobooka wa anyezi basi. Nsanje inkandidya, sindibisa.

Tsiku lina anandipatsa mbewu m'kapepala. Nditafunyulula ndinapeza fumbi lokhalokha, ngati fodya wamphuno.

"Aneba, kafesedwe ka izi n'kosiyana," anayamba kufotokoza.

"Pepani aneba," ndinamudula pakamwa. "Ine ndinakulira m'dimba ku Dedza. Kufesa sindingaphunzire lero."

Ndinachita mmene timachitira nazale ya mpiru kwathu. Ndinagaula, kuwaza mbewu, kukwirira ndi dothi, kuyala udzu pamwamba, n'kumathirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo. Masabata anayi anatha. Chinamera ndi bonongwe.

Kumpopi, potunga madzi, ndinauza amayi anzanga kuti aneba anayamba akazinga mbewuzo kuti pasapezeke khonde lina lofanana ndi lawo. Ndinachita kulumbira, ndipo panthawiyo ndinkakhulupiriradi. Nkhani ya kumpopi sichedwa kuyenda, inakafika mpaka kwa amayi a kutchalitchi kwake. Anthu anasiya kuima pakhonde lake. Kunena zoona, mtima wanga unakhala m'malo.

Loweruka lina m'mawa mayi uja anabwera atanyamula chitini choboola pansi, chodzaza dothi losefa.

"Kapepala kaja mukadali nako?"

Kanali pawindo. Anakung'unthira tambewu totsalira pamwamba pa dothilo, n'kusindikiza ndi chikhatho.

"Izi sakwirira, aneba. Zimafuna kuwala. Madzinso zizimwera pansi, kheni imazikokolola."

Anakhazika chitinicho m'beseni la madzi ochepa n'kutuluka. Mpando ndinamupatsa, koma sanakhale.

Ine, munthu wamkulu ndi ana atatu, ndinapempherera mbewu kuti zisamere. Pa sabata yachiwiri zinamera, zothithikana ngati ndere. Ndinadziwa kuti chitinicho chikangokhala pakhonde, Kawale yense aona kuti mbewu sizinakazingidwe, ndinazikwirira ndekha. Kupita kumpopi kukabweza mawu anga kunandilemera kuposa ndowa yodzaza.

Ndinachitengera kuseri kwa bafa, kumene kunkafika dzuwa la m'mawa lokha. Kumeneko chinachita maluwa ambiri, buluu wake woposa wa pakhonde paja, ndipo ndinkawaona ndekha ndikamakataya madzi. Mayiyo sanandifunsepo ngati zinamera. Mpaka tsiku limene anapakira katundu kusamukira ku Area 25, kumpopi ankamutchulabe kuti wokazinga mbewu.