Njinga ya bambo ndi umboni wa msuweni

Lachiwiri lapitali ndinapatsidwa ntchito yomasulira Chichewa, ndipo ndinaigwira mochititsa manyazi. Sindikupepesa ayi. Mukamva nkhani yonse, mwina muvomereza kuti womasulira wina amathandiza akalephera kugwira pakamwa.

Ndili ndi msuweni wanga kuno ku Perth, ku Australia, dzina lake Yamikani, mwana wa azakhali anga, alongo awo a bambo. Tinakulira khomo limodzi ku Mponela. Pano amakhala ku Rockingham ndi mkazi wake ndi ana awiri, ndipo amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Welshpool. Pa nkhani ya luso la manja, mnyamata uja Mulungu anamupatsa mosaumira. Mupatseni zitsulo zotayidwa, akubwezerani geti. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Koma mutu wake! Amaiwala kutseka gasi, amasiya ntchito ili pakati n'kuyamba ina, amafika mochedwa chifukwa potuluka m'nyumba anaona njinga ya mwana ili yakuphwa n'kuyamba kuimata. Mwezi watha abwana ake anamuitana n'kumuuza kuti chenjezo ili ndi lomaliza. Mukudziwa nokha kuti lendi ya kuno siimva chisoni.

Mkazi wake ndiye anaumirira kuti akayezetse vuto lija amati ADHD, limene limachititsa kuti maganizo a munthu azilephera kukhazikika pa chinthu chimodzi ngakhale mwini wake akufunitsitsa. Anapita kwa katswiri wolipira, ndipo ngakhale kumeneko anadikira mpaka kutopa. Abwana anavomera kuyamba aleza mtima mpaka zotsatira zituluke.

Tsono katswiriyo anati vutoli limayamba munthu ali mwana, choncho pakufunika umboni wa ubwana wake. Malipoti a kusukulu? Chiswe chinadya kalekale. Ndiye panatsala kulankhula ndi munthu amene anamulera. Anagwirizana zoimbira azakhali pa foni ya kanema, ndipo popeza womasulira Chichewa sapezeka wamba kuno, anaitana ine.

Kuno kunali masana, kumudzi m'mawa. Foni itayankhidwa, ndinangodziwa kuti zinthu zavuta. Azakhali anali atavala yunifomu yawo yoyera ya amayi a kutchalitchi, duku lomanga mwaukatswiri, Baibulo pamiyendo. Munthu sachita kuvala choncho Lachiwiri m'mawa pokhapokha ngati akupita kukaikira mwana wake umboni kukhoti.

Katswiri uja, mayi wodekha wa magalasi, anafunsa ngati Yamikani ankataya zinthu kawirikawiri ali mwana. Ndinamasulira.

"Ayi ndithu," anatero azakhali. "Yamikani anali mwana wosamala. Ngakhale singano sanatayepo."

Ndinamasulira mmene ananenera. Mayi uja analemba. Anafunsanso ngati ankatha kukhala pansi nthawi yaitali m'kalasi kapena m'tchalitchi.

"Ankangokhala phee. Anthu ankachita kufunsa kuti mwana wofatsa chonchi ndi wa ndani."

Nanga akatumidwa, ankamaliza zimene wauzidwa?

"Uwauze bwinobwino adonawo kuti m'mudzi monse munalibe mwana wotumika ngati iyeyu. Asamubweze kumudzi kuno ayi, ndi munthu wabwino, ali ndi ana."

Ndinayang'ana Yamikani. Anali atalowa mumpando, nkhope ili m'manja. Mayi ake anali kumuteteza ndi mphamvu zawo zonse, ndipo mawu aliwonse abwino amene ankanena ankamuyandikizitsa kukhomo la abwana kukatenga kalata yomuchotsa ntchito. Katswiri akanamva kuti ubwana wake unali wosalala chonchi, akanalemba chiyani?

Pa funso lachinayi, lakuti kodi ankaiwalaiwala, azakhali anati, "Sindikukumbuka tsiku limene anaiwalapo kanthu." Apa ndiye ndinaphulika. Ndinaseka mpaka misozi, womasulira wathunthu, pamaso pa katswiri.

Mayi uja anavula magalasi n'kufunsa ngati nanenso ndinkamudziwa Yamikani ali mwana. Ndinamufotokozera kuti kwathu mwana wa azakhali ndi msuweni, ndipo msuweni ndi munthu amene mwambo umakulola kumunyoza mmene ungafunire iye osakwiya. Timatchulana amuna anga, akazi anga, timalandana zinthu, timaululana pagulu. Kenako ndinatembenukira ku foni.

"Azakhali, mukunena Yamikani uti? Amuna anga ali apawa, kapena muli ndi wina amene munatibisira?"

"Iwe Esinati! Pamaso pa alendo?"

"Nanga amene anakwera njinga ya bambo kupita kumsika, n'kubwera wapansi akudya nzimbe, ndani? Tinaifuna mpaka dzuwa kulowa, mwini wake akuthandiza nawo kufuna!"

"Khala chete iwe, amumanga mwana wanga!"

"Sikukhoti kuno, azakhali, ndi kuchipatala. Palibe amene akufuna kumubweza. Adokotalawa akufuna kuona pamene pakupweteka. Mukabisa, ntchito imuthera."

Yamikani anadzutsa mutu n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, nenani zonse. Ine ndi amene ndawapempha."

Azakhali anayang'ana kumbali, ngati akuona kuti palibe woyandikana nawo amene akumvetsera. Anaika Baibulo pambali. Kenako anati, "Za njinga zija ndi zazing'ono. Uwauze za kuchigayo."

Abale, damu linaphulika. Tsiku limene anatumidwa kuchigayo n'kusiya chimanga pabwalo la mpira, mbuzi n'kuchita phwando. Lamulungu limene anakwawa pansi pa mabenchi kuchokera kumbuyo kwa tchalitchi mpaka kutulukira pamapazi a abusa. Aphunzitsi amene anamukhazika kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako pakhomo, n'kugonja. Ine ndikayamba nkhani, azakhali ankandikonza kuti ayi, sizinali choncho, zinaposa pamenepo. Anakumbukanso kuti mwana yemweyo, akayamba kupanga galimoto ya mawaya, ankatha tsiku lonse osadya, osamva ngakhale umuitane ndi dzina la agogo ake. Katswiri uja atamva zimenezi anagwedeza mutu n'kunena kuti nazonso ndi mbali ya nkhani yomweyo. Cholembera chake sichinapume.

Ndakhala ndikuganizira za tsikuli sabata yonse. Azakhali sananame chifukwa chokonda bodza. Anachita zimene tonsefe tinaphunzitsidwa. Mlendo akafunsa za mwana wako, umamuyamikira. Munthu akakufunsa kuti muli bwanji, umati tili bwino, ngakhale denga likudontha pamutu pako. Ndi khalidwe labwino, ndipo ine ndimalikonda. Limasunga ulemu wa banja. Koma khalidwe lomweli tikalowa nalo m'chipinda cha dokotala, timatuluka ndi ulemu wathu wonse komanso vuto lathu lonse.

Ndi angati mwa ife amene aphunzitsi a mwana anatiitana n'kunena kuti mwina mwanayu ayezedwe, ife n'kuyankha kuti kunyumba alibe vuto lililonse? Ndi angati amene tinafika m'galimoto n'kunena kuti azunguwa chilichonse amachipatsa dzina, kwathu matenda amenewa kulibe?

Kulibe? Tangokumbukirani kalasi yanu ya ku pulayimale. Panali mnzanu amene tinkamuti wopulukira. Panali wina amene anabwereza kalasi mpaka kumera ndevu chifukwa zilembo zinkamuvuta, koma masamu a kumsika ankatiposa tonse, ndipo tinkamuti mbuli. Panali wina wosakonda kuyang'ana anthu kumaso, wotseka makutu belu likalira, ndipo akuluakulu ankanong'onezana kuti anamulodza. Mayina tinali nawo ambiri. Chimene chinalibepo ndi munthu wofunsa kuti kodi mwanayu chikumuvuta n'chiyani.

Sindikunena kuti mwana aliyense wosamva ali ndi ADHD. Ena ndi osamva basi, ndipo ine ndikudziwapo awiri amene ndinabereka ndekha. Kuyezetsa kukhoza kukuuzani kuti palibe vuto lotere, mubwerere mukalimbane ndi mwano wamba. Komanso si aliyense angakwanitse mtengo wake, ndipo zimenezo zimandipweteka mtima. Koma ngati mwafika pakhomo la katswiri, mwadikira, mwalipira, musamuonetse mwana wa pa chithunzi cha Khirisimasi. Muonetseni uja wa Lolemba m'mawa, nsapato imodzi itasowa.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti mankhwala a manyaziwa makolo athu anatisiyira kale. Iwo ankadziwa kuti mayi sanganene zoipa za mwana wake kwa mlendo. Ankadziwanso kuti banja limene aliyense amangoti tili bwino silingakhalitse. Ndiye anaika asuweni, anthu ololedwa kunena zoona mwa nthabwala, kuti zoonazo zituluke popanda wina kutupa mtima. Vuto ndi lakuti ambirife pobwera kuno asuweni tinawasiya kumudzi. Tatsala ndi anzathu a kutchalitchi, amene timakumana nawo titasita zovala, ana titawaopseza m'galimoto kuti akhale bwino. Aliyense amaona ana a mnzake ali ndondondo n'kumaganiza kuti vuto lili m'nyumba mwake mokha.

Tisanadule foni, katswiri uja anandipempha kuti ndiwathokoze azakhali, ndiwauzenso kuti zimene anena zamuthandiza kwambiri, ndipo kuti ana otere nthawi zambiri amayesetsa kuposa anzawo, kungoti kuyesetsako sikuoneka. Ndinamasulira, ulendo uno mwaulemu wonse.

Azakhali anasiya kuseka. Anakonza duku lawo ngakhale linali bwinobwino.

"Esinati, tawafunsa. Ndiye kuti mwana wanga sankachitira dala?"

Sindinathe kumasulira. Yamikani ndiye anakokera foni pafupi n'kunena, "Sindinkachitira dala, amayi. Ndinkayesetsa."

"Ndamva, bambo anga," anatero azakhali. "Ndamva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anandiloza ine. "Koma iwe, pakamwa pako mpaka ku Australia?"

Katswiri anati tsopano ali ndi zokwanira zoti alembe lipoti, ndipo adzakambirana ndi Yamikani za thandizo limene lilipo. Lachisanu Yamikani anakafotokozera abwana ake mmene zinayendera. Ntchito ikadalipo. Agwirizana kuti azimupatsa chochita chimodzi, amalize, kenako china, m'malo momuuzira zonse pakamodzi, ndipo pa botolo la gasi amatapo chikwangwani chachikulu chofiira.

Koma ndibwerere Lachiwiri lija. Titatuluka kwa katswiri tinayenda limodzi mpaka pa siteshoni, tikusekabe za mbuzi ndi chimanga. Iye anakwera sitima ya ku Rockingham, ine basi ya ku Bentley. Ndisanafike n'komwe kunyumba, foni inalira.

"Akazi anga," anatero mawu a munthu wogonja, "ndili m'sitima."

"Ndikudziwa, ndinakuona ukukwera."

"Ndinabwera pa galimoto."

Ndinaseka mpaka dalaivala wa basi anandiyang'ana pa galasi. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Kale akanadzitukwana, akanabisa, akanazungulira mwakachetechete kukatenga galimotoyo mkazi wake asanadziwe. Tsiku limeneli nayenso ankaseka, ndipo anati, "Uwaimbire amayi uwauze, aionjezere pa ya njinga ija."

Nanga inu, tsiku limene katswiri adzafunse za mwana wanu, kapena za inu nomwe, mudzaitana ndani? Amene adzavale yunifomu n'kukuyamikirani, kapena amene akukumbuka kumene munasiya njinga?