Wotchi yanga ya chigoba cha dzaye

Uthenga unandipeza ndikuthothola mtedza kuseri kwa nkhokwe. Foni inalira m'chitenje, ndipo anali Tisunge, mdzukulu wanga amene amakonza mafoni ku Chipata.

"Ambuya, khalani pansi. Asankha yanga."

Kukhala pansi ine? Ndinazungulira nkhokwe, ndinazungulira khola, nthungululu ili pakamwa, mtedza ukutayika. Tisungeyu ali m'gulu la anthu okonda mawotchi, amene amajambula mawotchi achilendo n'kumatumizirana zithunzi pa foni. Wotchi imene iye anajambula ilibe mivi, ilibe manambala. Muli kamkanda kamodzi kofiira koyenda m'kanjira kozungulira, ndipo lamba wake ndi wa chubu cha njinga. Anzakewo aikonda kuposa zonse, akuti aipanga yachitsulo.

Mtima utabwerera m'malo, ndinakumbukira yanga.

Ndinali kamtsikana kosakhazikika, kuno ku Zingalume. M'mawa ndinkayamba ndadyetsa mbuzi, kenako n'kuthamangira kusukulu, ndipo tsiku ndi tsiku belu linkalira ndili kudambo. Aphunzitsi anatopa nane.

"Esinati, ukachedwanso usabwere. Mpando wako tipatsa wina."

Sukulu ndinkaifuna, anthuni. Ndinali nditangodziwa kulemba dzina langa. Aphunzitsiwo anali ndi wotchi pamkono, ndiye ndinati nanenso ndikhale nayo. Ndinatola chigoba cha dzaye, ndinachipala, ndinabaya munga wautali pakati, ndinaboola m'mbali n'kumanga ndi luzi pamkono. Loweruka m'mawa ndinaima pachulu cha kudambo, ndinadikira kuti dzuwa lifike pamene ndinkaona kuti munthu akanyamuka afika belu lisanalire, ndipo pamene panagwa mthunzi wa mungawo ndinalembapo ndi khala.

Lamlungu ndinapita nayo kutchalitchi, mkono uli m'mwamba ngati wothyoka.

Lolemba mbuzi zinavuta. Iyi yalowa m'thonje la eni, iyo yathawira kumtsinje, ine uku, ine uko. Ndikayang'ana pamkono, mthunzi uli kutali ndi khala. Ndinati nthawi ilipo. Thukuta likutsika, mthunzi ukuti nthawi ilipo. Pofika kusukulu ndinapeza anzanga atuluka kale kukapuma, ndipo pampando panga pali mwana wina. Aphunzitsi sanandimenye. Anangoloza njira imene ndinadzera.

Ndinalira njira yonse, ndipo ndinakagwera kwa amalume, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinafuna kuswa chigobacho ndi mwala, koma anandigwira dzanja.

"Taima. Wapanga ndani ichi?"

"Ine. Chabodza."

"Vala. Tsopano yang'ana kuphiri. Mthunzi uli pati? Tembenuka, yang'ana kumudzi. Uli pati?"

Mthunzi unali utalumphira mbali ina. Ndinatembenukanso, unalumphanso.

"Tsiku unkalemba khalali unayang'ana kuti?"

"Kuphiri."

"Nanga lero?"

"Kumbuzi."

Anaseka mpaka sipanala inagwa m'manja. "Wotchi yako ndi yoona, mphwanga. Koma imafuna munthu woima, ndiye iwe unaimapo liti chibadwire?"

Anapita okha kukandipepesera kusukulu, koma mpando unali utapita. Amayi anati mwina chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho mbuzi zinaswana. Sukulu yanga inathera pamenepo. Mpaka lero ndikamva belu m'mawa, miyendo imafuna kunyamuka.

Chimene ndinatola pansi pa mango paja ndi ichi: mwana akapanga chinthu n'kukanika, usayambe ndi ndodo, usayambe ndi mwala. Yamba wafunsa kuti wapanga bwanji. Tisunge ali wamng'ono anaphwasula wailesi ya agogo ake aamuna, zidutswa mbwee pamphasa. Iwo anathyola kale kamtengo, ine ndinaima pakati. Ndinati mwanawe, tandionetsa, umafuna kuona chiyani m'katimu? Ndipo kusukulu ndinkamuperekeza ndekha, mbuzi zizilira m'khola.

Madzulo a tsiku la uthengalo bwalo langa linadzaza. Anabwera Anaphiri ndi thobwa, anabwera Anambewe ndi mwana kumbuyo, anabwera aTembo a ngolo ng'ombe asanazimasule. Anabwera Anabanda a kwaya ndi mng'ono wawo Velina, anabwera aZulu pa njinga kuchokera ku Mlolo, anabwera Malita ndi Faidesi, ana a amalume aja, ndiponso Anangoma a ku Zemba, amene anakhala pampando wanga uja, ndipo anavina kuposa tonse.