Njinga ya Darmaji Itasiya Phokoso

Kwathu kuno ku Klaten wogulitsa malonda aliyense ali ndi kaitanidwe kake. Wa msuzi wa nyama amagogoda mbale ndi supuni, wa buledi amaliza kanyimbo, a ndiwo zamasamba amakuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuoneka. Koma Darmaji, amene wakhala akutibweretsera masamba, tsabola ndi nsomba kwa zaka khumi ndi zisanu, sankakuwa. Munthuyu ndi wachibwibwi chibadwire, ndipo kusukulu anzake anamuseka mpaka anazolowera kukhala chete. Mitengo ankatiuza ndi zala. Yotiitana inali njinga yake yamoto.

Njinga imeneyo, abale inu! Ikangokhota pa mzikiti inkamveka ngati wina akugubuduza misomali m'chitini, ife amayi n'kumatuluka ndi mabeseni, wina mpunga uli pamoto, wina sopo ali m'manja. Chinsinsi cha phokosolo chinali oyilo. Darmaji ankathiramo wakuda bii, wokhuthulidwa m'malole, amene mlamu wake ankamupatsa ulere. Zaulere zimakoma.

Tsiku lina njingayo inakana kukwera kamtunda ka kumsika, ndipo anaikankhira kwa Ngatijo, mchimwene wanga, yemwe ndi makaniko. Ine ndinalipo, nditamubweretsera chakudya chamasana. Ngatijo anakhudza injini ndi kachitsulo, mbali inayo n'kuika kukhutu, kenako anayamba kuseka, akumutchula kuti Kang, momwe kuno timaitanira achimwene.

"Kang Darmaji, iyi si injini, ndi chigayo! Ikudzigaya yokha m'katimu."

Anakhuthula oyilo uja, n'kumuonetsa tizitsulo tonyezimira pachala. "Mukuona? Uwu ndi mnofu wa njinga yanu. Pitirizani miyezi iwiri, muzisenza madengu pamutu." Anathiramo oyilo watsopano woyenera njinga zamoto, n'kumangamanga zina zomwe zinakhwepa. "Zodyeka zadyeka, sizimeranso. Koma zotsalazi tapulumutsa."

Ataliza injini, inangoti ndrrr, pansipansi ngati mphaka wokhuta. Darmaji anavina pomwepo, chipewa chake chili m'manja. Anazungulira bwalo katatu akuseka mano onse panja, nafe tikumuombera m'manja ngati wakwatira.

M'mawa mwake palibe anatuluka. Ineyo, wachiphamaso ine, amene ndinaombera nawo m'manja, ndinakhala kukhitchini mpaka dzuwa kukwera ndikung'ung'udza kuti Darmaji wayamba ulesi. Chonsecho munthu anadutsa pakhomo panga katatu akuliza hutala. Nanga hutala ndi ya ndani? Kuno ngakhale wothamangitsa nkhuku pamsewu amaliza hutala. Masiku atatu masamba anafotera m'madengu, nsomba n'kununkha, ndipo amayi ena anayamba kugula kwa wogulitsa wina wa kukhosi ngati tambala.

Darmaji anabwerera kwa Ngatijo nkhope ili pansi. "Bwe-bwe-bwezeranimo oyilo wakale uja."

"Ndiphe njinga ndi manja angawa? Ayi, Kang. Pakamwa muli napo, si pongodyera."

Ngatijo atandiuza zimenezi ndinamukalipira. Munthu umamunena choncho? Koma mawu anali atatuluka kale.

Tsiku lachinayi ndikuchapa, ndinamva kumzikiti kuja: "Ndi-ndi-ndi-ndi-ndi!" Ndinati eya, chigayo chabwerera, n'kutola beseni. Kutuluka panja, msewu wonse unali utatuluka kale. Koma njinga inali chete, yozimitsa. Pambali pake panaima Darmaji, maso atatsinzina, zibakera atakunga, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi liwu limodzi.

"Ndi-ndi-ndi-ndiwooo!"

Tonse tinamuzungulira. Kenako Sumirah, mayi wonenepa wa pakona amene sasunga mawu, anakuwa: "Kang! Kani mawu abwino chonchi munkawasungira ndani? Mukadayamba kale, bwenzi ine nditasiya bambo a kunyumba!"

Chiseko chinaphulika. Darmaji anatsegula diso limodzi kuti aone ngati ndi kuseka kuja kwa kusukulu. Ataona kuti tikulimbirana masamba ofota aja, naye anayamba kuseka mpaka kugwira chiwongolero kuti asagwe. Madengu anatha psiti.

Ine ndinaseka nawo, koma ndinalowa m'nyumba ndi manyazi. Zaka khumi ndi zisanu munthu akuima pakhomo panga m'mawa uliwonse, ndipo ndikanatha kukuuzani tsiku limene injini yake yadwala. Koma Darmaji mwiniwakeyo sindinamufunsepo funso lofuna yankho la pakamwa, kuopa kuchedwa.