Kabuku ka Bambo, Dzina la Dona

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinawauza bambo anga, maso ndi maso, kuti anama. Mwana wa Chingoni kunena zotero kwa bambo wake womubereka! Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe. Koma ndikakumbukiranso chimene chinandifikitsa pamenepo, tsemwe limatha, mumabwera ukali, ndipo ukali umenewo sunazirale ngakhale tsitsi langa layera mbuu.

Kwathu kunali kumapiri a ku Biriwiri, kufupi ndi malire, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimang'amba zidendene. Bambo anali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni ka m'mudzi mwathu, kofolera ndi udzu, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Nkhondo yaikulu ya Azungu inali itangotha kumene. Mabuku a ana anali ochepa, ndipo ochepawo anali odzaza ndi ana ovala nsapato ndi zinthu zimene sitinazionepo. Bambo zimenezi zinkawanyansa. Ankati mwana amene sanaonepo sitima usamuyambitse kuwerenga ndi sitima, muyambitse ndi mbuzi imene inamugunda dzulo.

Ndiye anayamba kulemba okha nkhani za ana. Akaweruka masana ankakhala pakhonde ndi sileti, chifukwa pepala linali losowa ndipo sakanaliwononga ndi nkhani yosapsa. Akalemba ankandiitana ndi mfunda wathu: "Nanyoni, tabwera kuno." Ine n'kukhala pansi, iwo n'kumawerenga mokweza. Ndikangoyasamula kapena kuyamba kuyang'ana nkhuku, ankangosiya kuwerenga. Ankanyowetsa kansanza n'kufufuta zonse. Ndikaseka, nkhaniyo inkasamukira mu kope ndi inki. Mawu amene lilime langa lapunthwapo ankawachotsa n'kufuna ena. Anachita zimenezi zaka zitatu, ndipo chaka china munda wathu wa kachewere unalowa thengo mpaka amayi anakalipa kuti chaka chimenecho tidzadya sileti.

Nkhani imene ndinkaidziwa kuposa zonse inali ya ine mwini. Ndili wamng'ono ndinatapa mbatata zitatu zophika mu mphika n'kukazibzala kudimba, poganiza kuti tidzakolola zophikaphika, amayi asamavutike ndi nkhuni. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo mpaka pamalopo panayamba kununkha. Bambo anaseka mpaka misozi, ndipo patapita zaka anailemba. Anaimaliza ndi mawu amene amayi anandiuza tsiku limenelo: "Mwana wanga, mtima wako ndi wabwino, koma mbewu yako ndi yakupsa."

Ku mishoni yaikulu, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu, kunali Mzungu wamkazi amene ankayang'anira sukulu ya atsikana komanso zosindikiza mabuku. Tinkamutcha Dona Chipewa, chifukwa chipewa chake sichinkachoka kumutu ngakhale kunja kuli mitambo. Anali atakhalitsa m'dziko muno. Chinyanja ankachiyankhula bwino, miyambi yomwe, ndipo miyambo yathu ankaifunsa n'kumailemba m'kabuku kake. Tsiku lina anabwera kudzayendera sukulu ya bambo, n'kupeza ana akuwerenga mu kope lija uku akugwa nako kuseka. Anapempha kuti alitenge akalisindikize. Bambo anamupatsa ndi manja awiri, pakhonde pathu pomwe, Donayo atamaliza kudya mazira athu.

Amayi sankadziwa kuwerenga, koma anali ndi maso. Dona akukonzekera kunyamuka, amayi anawakokera bambo pambali, n'kuwaitana ndi dzina langa monga mwa nthawi zonse.

"Bambo a Esitere, mwalembapo dzina lanu?"

"Iyayi," bambo anayankha. "Kodi wovina ngoma amadzitchula yekha? Amamutchula ndi amene akuonerera. Dona akudziwa mwini wake."

Amayi anangoti, "Chabwino, tiona," n'kubwerera kumtondo. Bambo anga anali munthu wanzeru, koma apa anaganiza ngati ali pabwalo la kwathu, pamene munthu ukapereka chinthu amakuthokoza ndi mfunda wako anthu onse akumva.

Chaka chotsatira ndinapeza malo pa sukulu ya atsikana ija. M'mudzi mwathu monse ndinali mtsikana woyamba kupita kusukulu yogonera komweko. Tsiku lina m'mawa analowetsa bokosi m'kalasi, Dona n'kuyamba kutigawira timabuku tatsopano ta chikuto chobiriwira, pamwamba pali chithunzi cha mbuzi. Fungo la inki ndikulimvabe. Nditangotsegula, ndinazizindikira nthawi yomweyo. Nkhani ya mbuzi yogunda, ya mnyamata woopa mlatho, zonse za pa sileti paja zinali mmenemo, m'zilembo zosindikiza! Ndinkafuna kuvina. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinatsegula pa nkhani ya mbatata. Mtsikana uja anali atamutcha Mariya, zimenezo sindinadandaule nazo. Koma mawu a amayi kumapeto kunalibe. M'malo mwake panalembedwa kuti, "Ana inu, ulesi ndi tchimo." Ulesi! Ine amene ndinkasenza chikho cha madzi kawiri pa tsiku kukathirira mbatata zowola? Asa! Ndinatembenuza kabukuko kuti ndione pachikuto. Pansi pa mbuzi panali dzina limodzi lokha, la Dona. Ndinafufuza mkati, kumbuyo, ngakhale tizilembo ting'onoting'ono ta pansi. Bambo munalibe.

Ndinaimika mkono, ndipo ndisanalozedwe n'komwe ndinali nditaimirira.

"Dona, bukuli analemba ndi bambo anga."

Dona anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kuwaika pa tebulo.

"Bambo ako, Esitere? Chabwino. Wolemba buku amakhala ndi dzina. Tatchula dzina lawo, tonse timve."

"A Nyoni," ndinatero.

"A Nyoni ndi ambiri, kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Nsipe. Ndikufuna dzina lawo lenileni."

Ana a masiku ano mwina sangamvetse chimene chinandiletsa kulitchula. Kwathu mwana sankatchula dzina la bambo wake. Ngakhale amayi, amene anakhala nawo pabanja mpaka imfa, sindinawamvepo akulitchula. Kulitchula kunali ngati kuwavula bambo pagulu. Dzinalo ndinkalidziwa, linali palilime pomwepa ngati khala la moto. Atsikana makumi atatu anali atanditembenukira, maso tong'o, kudikira kuti aone ngati ndingachite zamwano zotere. Ndinatsegula pakamwa. Silinatuluke.

"Mwaona?" Dona anatero akumwetulira. "Wolemba wa Esitere alibe dzina."

Ena anaseka, ena anazolika. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mayi ameneyu sanafunse mosadziwa. Dzina la bambo ankalidziwa, ankalilemba yekha pa makalata. Mwambo wathunso ankaudziwa, unali m'kabuku kake kaja. Anasankha dala funso limene mwana woleredwa bwino sakanatha kuyankha. Anatenga ulemu umene makolo anga anandiphunzitsa n'kundimanga nawo pakamwa. Mzungu wosadziwa kanthu ndikanamukhululukira kalekale, koma uyu ankadziwa.

Chilango changa chinali kuzula chitsa cha bulugamu kuseri kwa nyumba yathu yogona. Dona anawatumizira bambo kalata kuti abwere, ndipo anandiuza poyera kuti ndikapanda kubweza mawu anga ndilongedza katundu. Kunena zoona sindinaope. Masiku anayi ndinalimbana ndi chitsa chija, manja ali matuza okhaokha, koma mumtima ndinkati dikirani, mwini wake akubwera. Ine ndalephera kutchula dzina, koma iwo adzayankhula okha, ndiye tione amene adzazolike.

Anafika tsiku lachisanu masana, atavala jekete yawo imodzi ija, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja, chifukwa munthu wakuda sankakwera pakhonde la Dona asanaitanidwe. Sanaitanidwe. Ine anandiimika pambali pawo.

"Aphunzitsi," Dona anayamba ali pampando, "mwana wanu wanditcha wakuba pamaso pa kalasi yonse. Ndikufuna ndimve kwa inu. Buku ili ndi la yani?"

Ndinawayang'ana bambo. Iwo anayang'ana manja anga, matuza aja, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anayang'ana pansi.

"Ndi lanu, Dona. Ine ndinangotola tinkhani ta m'mudzi. Mwanayu ndi wamng'ono, sadziwa kusiyanitsa. Mumukhululukire."

Kalanga ine! Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Kutola? Zaka zitatu za pa sileti zija, kutola?

"Nanyoni, gwada upepese," anatero osandiyang'ana.

Ndinagwada pafumbi. Ndinapepesa kwa munthu amene anatibera, ndipo anandikhululukira mokoma mtima kwambiri, mpaka kundisisita pamutu. Dzanja limenelo ndikanatha kuliluma.

Anandilola kuwaperekeza bambo mpaka pamene mzere wa mitengo ya bulugamu unkathera. Titafika pamenepo ndinaima.

"Bambo, mwanama."

Ndinadikira khofi. Ndinkalifuna n'kulifuna, mwina likanandipepuza. Koma iwo anangovala chipewa chawo.

"Eya, ndanama," anatero. "Dzina langa silingakhale pa benchi m'kalasi muja. Iwe ungakhalepo. Bwerera."

Anatsika njira ya kumapiri osacheuka. Sanamwe ngakhale madzi pa mishoni paja, ndipo kutsogolo kwawo kunali ulendo wa tsiku lathunthu.

Sindinawamvetse, ndipo sindinafune kuwamvetsa. Teremu yonseyo sindinawalembere kalata. Patchuthi ndinkawapatsa madzi osamba nditagwada monga mwa mwambo, koma maso anga ankanena zina, ndipo iwo ankaona. Ndinkawayesa wamantha. Kabuku kaja kanafikanso pa kasukulu kawo, ndipo ankaphunzitsa nako, dzina la Dona lili pachikuto, ana a m'mudzi akuliwerenga mokweza pamaso pawo. Mng'ono wanga anandiuza kuti akafika pa mawu aja a ulesi ankangotsegula tsamba lina. Sanalembenso nkhani ina mpaka kumwalira kwawo. Zimenezinso ndimaziika pamutu pa Dona yemweyo: sanabe buku limodzi lokha, anaba ndi ena onse amene bambo akanalemba.

Ine ndinamaliza sukulu, n'kukhala mphunzitsi. Ndaphunzitsa ku Sharpevale, ndaphunzitsa ku Nsipe, ndipo m'zaka zanga zoyamba kabuku kobiriwira kaja ndinkakapeza m'kabati ya sukulu iliyonse. Ndamvapo anthu ophunzira, ovala mataye, akuyamikira Dona kuti ankaudziwa mtima wa mwana wa Chinyanja. Ndinkangoluma mano. Mtima wa mwana umene ankaunenawo unali wanga, ndipo amene anauyeza, nkhani ndi nkhani, anali bambo anga pakhonde la ku Biriwiri.

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Mawu a bambo aja agonera zaka zambiri ndipo sanakomebe, ndangowamvetsa basi. Ndinawamvetsa nditabereka anga. Tsiku lija pansi pa masitepe anali ndi zinthu ziwiri m'manja, ndipo anawalola kuchoka ndi chimodzi chokha. Anasiya dzina, n'kunyamula mwana. Sanali wamantha, ndipo ndimadzida kuti ndinachedwa kuwauza zimenezo mpaka anapita. Koma musandiuze kuti zonse zinatha bwino chifukwa ndinaphunzira. Panalibe chifukwa choti munthu asankhe pakati pa mwana wake ndi ntchito ya manja ake. Amene anawasankhitsa ndi amene ndilibe naye mtendere, ngakhale anafa kalekale kwawo kutsidya kwa nyanja.

Ulemu ndi wabwino, ndipo ana anga ndinawaphunzitsa. Koma ndinawauzanso kuti ulemu umapita kwa munthu amene amaubweza, ndipo chimene walemba ulembepo dzina lako inki isanaume, usadikire kuti akutchule woonerera. Ine pakamwa sindingathebe kulitchula dzina la bambo anga. Ndayesapo ndili ndekha m'nyumba, nkhalamba yonse ine, lilime limakana. Koma dzanja ili analiphunzitsa kugwira cholembera ndi iwo omwe, ndipo ndikudziwa kuti pa ichi chokha sangandikalipire. Ngati munaphunzira kuwerenga ndi kabuku kobiriwira ka mbuzi pachikuto, ngati munasekapo mtsikana wobzala mbatata zophika, dziwani lero kuti amene anakusekesani si Dona ayi. Kabuku kaja analemba ndi Yeremiya Tsokalida, mfunda wawo Nyoni, mphunzitsi wa ku Biriwiri.