Tsiku Limene Atate Anagwira Kavalo ku Ndola

Tinanyamuka kwathu ku Bulangililo, mu Kitwe, Loweruka m'mawa, ine nditakwiya kale. Wogulitsa salaula satseka shopu Loweruka la kumapeto kwa mwezi, koma ine ndinatseka chifukwa atate anga, a Sakala, anamva kuti ku Ndola kuli mpikisano wa tchesi. Kale, akugwira ntchito pa mgodi, m'makalabu onse a kuno munalibe wowagwetsa. Zikho zawo zikadali pa kabati ndipo amayi amasungiramo singano ndi mabatani. Lero dzanja lawo lamanja limanjenjemera, moti tiyi timawathirira theka la kapu.

Dzulo lake mlongo wanga Mabvuto wa ku Garneton anandiimbira foni. "Tisa, uwaperekeze, koma pobwera uwauze kuti iyi ndiye lasiti. Azatigwera mu basi amudala, tizachita nsoni." Iyeyo, mwini galimoto, anati ali ndi pulogalamu ina. Basi ndi mawu owawa anasiyira ine.

M'tauni ya Kitwe, kaponya wina woitanira basi anawalanda atate chikwama asanapereke n'komwe moni. Anayang'ana jekete ndi tayi, kenako dzanja lija.

"Kuchipatala, ba shikulu?" anafunsa, kuwatchula agogo m'chiyankhulo cha kuno.

"Ku nkhondo," anayankha atate.

Tinalipira sikisite kwacha aliyense, ndipo basi imene ankati yadzaza inatidikiritsa mpaka dzuwa litayamba kuwotcha magalasi. Titadutsa phiri lakuda la zotsalira za mgodi, atate anatsinzina n'kuyamba kugwedeza milomo. Mayi amene tinakhala naye, atakumbatira beseni la chikanda, anandinong'oneza kuti ndine wodala kukhala ndi kholo lopemphera kolona m'basi. Sindinamuuze kuti akusewera tchesi m'mutu ndi munthu amene anamwalira kalekale. Pamphambano ya ku Luanshya ndinagula chinangwa chootcha ndi nshawa pawindo. Atate anakana, ati msilikali sakhuta. Ndinadya zonse ndekha, ndikuyeseza mumtima mawu a Mabvuto.

Ku Ndola tinatsika chakumasana, takisi n'kutitaya ku Heavy Industrial Area, pa kantini ya kampani ina. Panja pankanunkha dizilo, m'kati munali matebulo m'mizere, aliyense ndi bolodi lake ndi koloko yake. Wapampando wa mpikisanowo, bambo wa suti yonyezimira, anabwera atatambasula manja.

"Ba champion! Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mpando wanu uli kutsogolo uko. Lero mupumule, mupereke chabe makapu kwa ana anu amene apambane."

Kutsogoloko kunali tebulo la maluwa a pulasitiki ndi mabotolo a madzi. Apa mkwiyo wanga unapeza mwini wina. Munthu wadzuka mbandakucha, wadzimanga tayi ndi dzanja lonjenjemera, wakana chinangwa, inu n'kumusandutsa duwa la patebulo? Atate anangofunsa kuti tebulo losewerera lili kuti. Anawapatsa lomalizira, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, pamene aliyense wopita kukadzithandiza ankawagunda mpando. Ndinakukuta mano.

Wosewera nawo anali mtsikana wina dzina lake Bwalya, mphunzitsi wa masamu, wosaseka. Ine tchesi sindiidziwa kwenikweni, koma lamulo limodzi ndinakula nalo: chimene wagwira, usunthe chomwecho. Atate ankatimenya nalo pa zala tili ana. Patapita ola, ndinaona anthu akusiya matebulo awo kudzaimirira pakhomo la kuchimbudzi paja. Bwalya anali atagwira mutu ndi manja onse. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinadziuza ndekha.

Ndiye dzanja lija linawapereka. Linanyamuka kupita kwa kwini, linagwedezeka m'njira, zala n'kutera pa kavalo.

"Mwaikata, ba shikulu," anatero Bwalya, osakweza mawu. "Mwagwira kavalo."

Ndinaiwala kuti m'nyumba ya tchesi salankhula. Ndinamufunsa ngati alibe makolo, ngati maso ake saona kuti munthuyu akudwala, ngati ndi zimenezi amaphunzitsa ana kusukulu. Woyang'anira masewero anathamangira pamalopo, ndipo atamva nkhani anamwetulira ngati nesi. Anati aliyense waona kuti sanachitire dala, achikulire awasiye asunthe chimene akufuna.

Atate sanamuyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Tisa, choka panja."

Kenako anagwiriziza dzanja lamanja ndi lamanzere, ananyamula kavalo uja, anamuika pamene anamuika, n'kudina koloko. Ndinatuluka ndikulira ndi ukali. Ndinakhala pa tayala la thiraki, ndikutukwana mumtima Bwalya, wapampando, Mabvuto ndi amene anayambitsa masewera amenewa. Atate anagonja. Masewero ena awiri otsatira, amodzi anapambana, ena anagonjanso. Chikho sanatenge, ndipo sanapereke.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Pa siteshoni atate anagula michopo, nyama ya mbuzi yootcha, n'kudya ngati mnyamata, mafuta akudontha pa tayi. Ndinaona kuti nthawi yonena mawu a Mabvuto ndi yomweyi, ndipo mtsikana uja anali atandipatsa poyambira.

"Atate, mwaona mmene akuchitirani? Mwana wopanda ulemu uja..."

"Wopanda ulemu ni iwe," anandidula. "Uja ananiopa. Anaona kuti nikasuntha kwini wafa, ndiye anagwira lamulo. Udziwa kuti papita zaka zingati munthu asananiope?"

Anapukuta zala pa nyuzi n'kupitiriza. Anati kunyumba Mabvuto akabwera amaluza dala, n'kumaomba m'manja ngati akusangalatsa mwana. Kutchalitchi akanena zolakwika pa msonkhano, anthu amangoti zikomo akulu. Ngakhale amayi, amene kale ankakangana nawo mpaka aneba kutuluka, lero amangoti pumulani.

"Aliyense anikhululukira nisanalakwe. Munthu amene amukhululukira zonse ni maliro chabe, Tisa. Pa bolodi paja pokha ndiye nikalakwa anilanga."

Basi inayenda. Ndinayang'ana matumba a makala m'mbali mwa msewu, ndikukumbukira theka la kapu limene ndimawathirira osawafunsa. Ndinkati ndapita ku Ndola kukateteza atate kwa anthu opanda chifundo, koma chifundo chathu ndicho chinawathamangitsa pakhomo. Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya kuposa m'mawa.

Tili pa mlatho wa Kafue foni inalira. Anali Mabvuto.

"Wawauza?"

Ndinayang'ana atate. Anali atatsinzina, milomo ikugwedera, dzanja lija likuyenda pa bondo kufunafuna kwini.

"Mwezi wamawa kuli ina ku Chingola," ndinatero. "Uthire mafuta mu motoka, uzawapereka ndiwe. Ndipo ukabwera Sondo kuzasewera nawo, usewere zenizeni."