Kuponi ya Ana Anga

Banja litatha, khoti linagamula kuti kuponi ya feteleza, yomwe inkatuluka m'dzina langa, izipita kwa Nabanda, mayi wa ana anga awiri. Itatuluka, ndinakawauza kuti chaka chino dzina langa alidumpha.

"Kukudumphani inu, a Phiri?" anafunsa Nabanda. "Inu amene mbale sikudumphani ngakhale pamaliro achilendo?"

Ndinalumbira ndikuloza kumwamba. Kenako ndinakaigulitsa kwa mnzanga Gondwe kuseri kwa chigayo pa Chamama. Ine katswiri wonenerera mitengo, munthu uja anandigwetsa mpaka theka, akudandaula kuti fodya wake wachita chikasu. Ndinamumvera chisoni mpaka kumugulira tiyi wamkaka.

Mu Januwale ndinapita kukaona ana, nditakonzeratu nkhope yopepesa za kumunda. Ndinapeza chimanga chili biriwiri, Gondwe ali pakhonde atavula nsapato, mwana wanga wamng'ono ali pamwendo pake.

"Kuponi inafika, bambo a ana," anatero Nabanda. "Inangosintha wobweretsa."

Kunama ndinanamadi, sindikukana. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi tiyi uja.